Wodwala Sadya Yekha

Lachinayi, 6 Febuluwale

Andigoneka. Wodi ya odwala khansa ya m'magazi, bedi nambala 4, pafupi ndi zenera. Kope ili ndagula pakashopu ka pansi kuti ndizilembamo zimene madokotala akunena, chifukwa akangotuluka, m'mutu mwanga mumatsala mawu awiri kapena atatu, oipa okhaokha. Likasowa, wolitola adziwe kuti ndi la Effie Chikopa, zaka 52, wa ku Ilford kuno ku London, kwawo kwenikweni ku Chiradzulu. Zaka 16 ndakhala ndikusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake kunyumba yosungira okalamba. Lero nesi wa msinkhu wa mwana wanga wandifunsa ngati ndapita kuchimbudzi, ndipo ndamuyankha mwaulemu.

Ndilembe bwinobwino pamene tili. Matenda ndi limfoma, khansa ya m'anabere, mtundu wake wothamanga. Kemo ya chaka chatha, mankhwala amphamvu a khansa aja, inangoigoneka miyezi inayi, yadzukanso. Chotupa chili m'munsi mwa khosi chakumanja, chalowerera m'chifuwa, masentimita 9, ndipo chayandikira njira ya mpweya. N'chifukwa chake akufuna ndikhale pafupi ndi iwo.

Chatsala ndi chithandizo chimodzi chokha, chimene akuchitcha CAR-T. Pa 28 Januwale anandilumikiza kumakina maola asanu, magazi kutuluka mkono uwu n'kubwerera mkono uwo, makinawo akusefa asilikali a m'thupi. Asilikaliwo anawatumiza kulabu ya kunja kuti akawasinthe, azitha kuizindikira khansayi n'kuipha. Abwerako kumapeto kwa mwezi uno ataumitsidwa, ndipo adzandibwezera m'thupi pa 17 Malichi. Koma chotupa sichidziwa kalendala. Ndiye achiwotcha ndi cheza cha makina, maulendo 15, kuti chindilole kufika tsikulo. Akuti kuwotchako ndi mlatho chabe, sikuchiza.

Sikelo: makilogalamu 71.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Andiumbira chigoba. Amatenga pulasitiki ya timabowo ngati neti, kuiviika m'madzi otentha, kukuphimba nayo kuyambira pamphumi mpaka m'mapewa, n'kuisiya iume. Ikauma imatenga nkhope yako ndendende. Tsiku lililonse azindiveka chimenechi n'kuchikhomerera kubedi la makina kuti ndisasunthe ngakhale pang'ono, cheza chizigwera pomwe ayeza. Akuti ena akamaliza amapita nacho kunyumba. Ine ayi, a kumpingo angati ndalowa gule ukalamba uno.

Masana kunabwera adokotala aakulu, mayi wamfupi wolankhula pang'onopang'ono. Ndalemba mawu awo mmene anawanenera. "Mwa anthu khumi amene timawapatsa asilikali amenewa, pafupifupi anayi khansa imawachokera zaka zambiri. Koma ndi chithandizo cholemera. Timapereka kwa munthu amene akudya, akuyenda yekha, amene sakhala chigonere tsiku lonse, ndipo alibe matenda ena m'thupi. Mukafooka kwambiri sitingakupatseni, chifukwa chingakupheni."

Anayi mwa khumi. Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza ndi mwayi wochepa kuposa pamenepo.

Loweruka, 8 Febuluwale

Kwabwera Dyna. Si m'bale wanga, kwawo ndi ku Ntcheu, koma tinapezana pashifiti zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ndipo kuyambira pomwepo ndine achemwali ake. Amagwira usiku. Waweruka 8 koloko m'mawa, m'malo mokagona wakwera sitima ya Elizabeth line kubwera kuno, maso ali psuu.

"Achemwali, wodwazika wanu ndine," watero akuvula jekete. "Stephanie azipita ku job, holide yake aisungire nthawi ya asilikali ija."

Wanena zoona. Stephanie ndi mwana wanga yekhayo, zaka 24, amagulitsa m'shopu ku Wembley. Achipatala amafuna munthu woti adzakhale nane usana ndi usiku mwezi wathunthu asilikali akadzalowa, ndipo tinalembetsa iyeyo. Asathe masiku ake panopa.

Nkhomaliro yabwera: mbatatesi yosinja, nsomba yopanda mchere, kasitadi. Ndimangoiyang'ana. Dyna watenga supuni n'kutapa. "Wodwala sadya yekha. Tiyeni." Kwathu ndi mmene timachitira, wodwazika ndiye amayamba, wodwala n'kutsatira chifukwa cha manyazi. Kuno amangokuikira thireyi n'kuchoka ngati akupatsa nkhuku madeya. Ndadya theka, iye theka. Wolemba tchati cha zakudya wabwera, waona mbale ili mbee, walemba kuti ndadya zonse. Ndamuona akulemba, sindinanene kanthu. Tchati chimenechi ndimachidziwa, ndadzaza mazanamazana.

Lolemba, 10 Febuluwale

Tsiku limayamba 6 koloko: kuyeza kuthamanga kwa magazi, kutentha kwa thupi, kutenga magazi. Mitsempha yanga inathawa kale ndi kemo, amabaya katatu asanaupeze.

Pabedi nambala 3 pali mzungu, Maureen wa ku Romford, zaka 68, amene ankayendetsa basi ndipo pakamwa pake sipatseka. Iyenso amadikira chithandizo chomwechi, asilikali ake anafika sabata yatha. Lero madokotala amutsekera katani, ngati katani imatsekereza mawu. Ndamva zonse. Waonda kwambiri, sakudzuka pabedi, sangapirire. Amuchotsa pamndandanda. Iye wangoti chabwino, wamva, n'kupempha tiyi.

Atatsegula katani wandiitana. "Effie, uzidya. Kaya chinyanse bwanji, uzidya. Anthu awa amawerenga supuni iliyonse."

Ndavomera. Koma mumtima ndati ayi, Maureen, sawerenga masupuni, amawerenga zimene zalembedwa patchati.

Ndachita mantha lero kuposa tsiku limene anandiuza kuti khansa yabwerera.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kuwotcha koyamba. Amakutsitsira pansi penipeni, kuchipinda chozizira chopanda zenera. Kugona chagada, chigoba khwapu, onse n'kutuluka. Makina amazungulira akulira ngati firiji yakale. Mphindi 15. Sumva kutentha, sumva kalikonse, ndipo zimenezo n'zimene zandikwiyitsa. Chinthu chofuna kundipulumutsa chizimveka. Chigoba n'chothina kwambiri moti ndatuluka nkhope ili ndi zidindo za neti.

M'wodi muno muli nesi wa ku Zimbabwe, Vimbai. Agogo ake aamuna anachoka ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndipo sanabwerere. Chichewa chake n'chothyokathyoka, chosakanikirana ndi Chishona, koma amalimbikira. Amanditcha amayi. Wandiuza kuti pakapita masiku khumi kummero kuyamba kupsa ndi cheza, ndipo ndikamva chilichonse ndinene msanga.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Kwachiwiri. Tositi ya m'mawa yakana kutsika. Yaima penipeni pamene pali chotupa. Ndaikankhira ndi tiyi, ndatsamwa, ndatsokomola mpaka misozi. Masiku khumi a Vimbai aja sanakwane, ndiye kuti si cheza ichi, n'chotupa chimene chikupana.

Adokotala pozungulira afunsa, "Kumeza kuli bwanji?"

"Bwinobwino."

Yankholo latuluka lokha, ndisanaganize n'komwe. Nditaganiza, sindinalibweze.

Loweruka, 15 Febuluwale

Loweruka ndi Lamulungu makina amapuma. Chotupa sindikudziwa ngati nacho chimapuma.

Kunabwera amayi asanu a kumpingo kuchokera ku Peckham, atasenza mpunga, nkhuku yokazinga, masamba otendera ndi botolo la thobwa. Aimba nyimbo imodzi motsitsa mawu, Maureen n'kuwapempha ina. Atapemphera andiikira ntchafu ya nkhuku. Ndatafuna, ndatafuna, ndikumwetulira, kenako ndapukuta pakamwa ndi tishu. Onse akhutira kuti ndadya. Atapita, Dyna watsala.

"Achemwali, simukumeza."

"Ndikumeza."

"Ndakuonani. Mwalavulira m'tishu katatu."

Ndamuuza zonse. Wadzuka kuti akaitane nesi, ndamugwira siketi.

"Ukawauze kuti andichite za Maureen? Iwe sukuwadziwa anthu awa? Ukangolemba kuti munthu sakudya, mawa lake ali pa list ina. Ndi masabata anayi okha, Dyna. Asilikali akalowa ndidzadya ng'ombe yathunthu. Iwe uzingondithandiza mbaleyi basi."

"Koma achemwali, si bwino."

"Ndakupemphapo chiyani ine zaka zonsezi?"

Wabwerera pampando. Chakudya cha madzulo chitabwera, watenga foloko. Sanandiyang'ane mpaka wamaliza.

Lolemba, 17 Febuluwale

Kwachinayi. Lolemba ndi tsiku la sikelo. Kuntchito kwathu kunali nkhalamba ina imene inkabisa masupuni m'matumba a jekete tsiku loyeza, kuopa kupatsidwa phala lonenepetsa. Tinkaiseka. Lero ndavala gauni yanga yokhuthala, m'matumba foni, tchaja ndi Chipangano Chatsopano, kumapazi nsapato. 69.4. Nesi wati sizoipa kwenikweni.

Ndaphunzira nthawi imene madokotala amazungulira. Ikamakwana 10 koloko ndimakhala nditayala ndekha bedi, nditamanga duku, nditapaka milomo, ndikuyenda mukolido ngati ndikupita kumsika. Akangodutsa ndimagwera pabedi, mtima ukugunda m'makutu.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Kwachisanu ndi chimodzi. Tsopano kummero kwayambadi kupsa, pamwamba pa kupana kuja. Ngakhale malovu akulasa. Lero zalowa: masupuni atatu a kasitadi, theka la kapu ya tiyi. Ndikamwa ndimatsokomola. Ndimadikira manesi achoke kaye.

Maureen amupititsa kunyumba yosamalira odwala amene chipatala chawalephera. Pomukankha wandikwezera chala chachikulu. Bedi lake aliyala mphindi makumi awiri, pofika masana panali kale munthu wina.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Kwachisanu ndi chiwiri. Kunabwera mayi woona za zakudya, watsegula tchati, wasangalala. Akuti ndine chitsanzo m'wodi muno, ena pofika pamenepa amakhala atasiya kudya. Wandifunsa ngati pali chovuta. Ndisanatsegule pakamwa, Dyna wayankha, monga amachitira wodwazika kwathu, wodwala n'kungogwedeza mutu.

"Akudya ndithu. Nthawi zina amapemphanso mabisiketi."

Zamabisiketizo wawonjeza yekha. Mayiyo atachoka, Dyna walowa m'chimbudzi n'kukhalamo nthawi yaitali. Watuluka atasamba kumaso. Ndamuseka kuti akunenepa ndi chakudya cha boma. Sanaseke.

Loweruka, 22 Febuluwale

Stephanie wabwera ndi supu ya m'shopu. Ndamuuza kuti ndangomaliza kudya kumene, aone tchati. Chichewa amamva chonse mwana uyu, koma amayankha m'Chingerezi.

"Mum, you look tiny."

"Ndi gauni iyi, ndi yaikulu."

Wandionetsa pafoni mmene wakonzera kunyumba. Wasuntha bedi langa kuliika pabalaza kuti azindiona ali kukhitchini. Wagula choyezera kutentha kwa thupi, wamata manambala a chipatala pachitseko cha firiji, wachapa makatani onse. Bwana wake wamulola mwezi wathunthu kuyambira pa 17 Malichi. Amalankhula za tsikulo ngati za ukwati.

Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Alibe wina kuno. Ndikaganiza zowauza madokotala zoona, ndimaona nkhope yake akumva kuti andichotsa pamndandanda, basi ndimatseka pakamwa.

Lamulungu, 23 Febuluwale

Vimbai akundikayikira. "Amayi, milomo yanu yauma maningi. Madzi mukumwa?" Ndamuonetsa jagi yopanda kanthu. Madziwo ndinawathira m'sinki. Wandiyang'ana ngati akufuna kunena zina, koma belu la bedi lina lalira.

Kukolido lero ndinafika theka, ndinabwerera nditagwira khoma.

Lolemba, 24 Febuluwale

Kwachisanu ndi chinayi. Sikelo 67.8, ndi katundu yense m'matumba. Nesi wachita tsinya, wati awauza madokotala.

M'chigoba mwayamba malo. Chibwano chikusuntha. Ndatukumula masaya n'kukankhira mutu m'mwamba kuti chioneke chothina. Ajambula kawiri asanayatse makina.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Zaululika.

Woyendetsa makina, dzina lake Jason, wandikhomerera chigoba monga mwa masiku onse, kenako waima. Walowetsa chala pakati pa chigoba ndi khosi langa. Chalowa. Walowetsa ziwiri. Waitana mnzake, anong'onezana, andimasula. Akuti sangawotche, chigoba chakhwepa, cheza chingagwere pamsana kapena pamapapo. Andikweza pasikelo yawo nditavala kagauni kachipatala kokha. 64.9.

Makilogalamu asanu ndi limodzi m'masiku 19, munthu amene tchati chikuti akudya zonse.

Adokotala aakulu abwera okha, akoka mpando, akhala. Sanakalipe, bola akanakalipa. Ndawauza za tositi, za tishu, za Dyna, za Chipangano m'thumba. Amvetsera mpaka ndamaliza.

"Mayi Chikopa, bwanji simunanene? Tili ndi mankhwala ochititsa dzanzi kummero. Tili ndi kapaipi kodyetsera kodzera m'mphuno. Ambiri amene timawawotcha pakhosi amafika pamenepo. Zimenezo sizichotsa munthu pamndandanda. Timaika kapaipiko kuti munthu akhalebe pamndandanda."

Ndafunsa za Maureen. Akuti za wodwala wina sanganene, koma nkhani yake sinali ya mbale.

Zaka 16 ndikudzaza matchati, ndinkayesa ndikudziwa mmene chipatala chimaganizira. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Aumba chigoba china, ajambulanso, ayezanso. Kuwotcha kwaima masiku osachepera anayi.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Kapaipi kalowa m'mawa. Kowawa polowa, kenako basi. Chinthu cha mphindi zisanu.

Masana kuzizidwa, mano kugundana. Kutentha kwa thupi 39.2. Ajambula chifuwa. Chibayo, mbali ya kumanja. Akuti tiyi ndi kasitadi zimene ndinkakakamiza zija, zina zinkalowera kumapapo. Kutsokomola kuja kunali kumeneko. Diripi, okosijeni.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Vimbai wandinong'oneza kuti asilikali anga afika. Ali m'firiji pansi pa nyumba yomwe ino.

Iwo asunga nthawi.

Lamulungu, 2 Malichi

39.5. Asintha mankhwala. Cholembera chikulemera.

Lachitatu, 5 Malichi

38.1. Okosijeni malita 4. Kuwotcha sikungayambe, sindingathe kugona chagada.

Lachinayi, 6 Malichi

37.6. Lero mutu wayera pang'ono, ndilembe zimene zinachitika Lachinayi lapitalo, tsiku lachiwiri la chibayo.

Adokotala anamufotokozera Stephanie zonse, chifukwa ndiye analembedwa kuti ndi wondisamalira. Dyna anafika nthawi ya nkhomaliro monga mwa masiku onse, atanyamula kachikwama kake. Anakumana pamapazi a bedi langa. Ine ndinali ndi chophimba cha okosijeni kumaso, ndinkamva koma mawu sankatuluka.

Stephanie sanakweze mawu. Anayamba m'Chingerezi, kenako, mwina kuti zimulowe bwino mnzakeyo, anasintha. Chichewa chake choyamba kuchimva pazaka zambiri chinali ichi: "Anti Dyna, munadya chakudya cha amayi anga. Amayi anga akufa, inu mukudya. Chokani."

Dyna sanadziteteze. Sananene kuti ndinamugwira siketi ndine. Anangoti, "Pepa, mwanawe," n'kutuluka. Sanabwerenso, foni sakuyankha.

Lero ndamuuza Stephanie kuti wolakwa ndine, Dyna ndinamukakamiza. Wati munthu wamkulu, wogwira ntchito yosamalira odwala, sakakamizidwa. Ndati nanga ine si wamkulu? Wati, "You were scared, Mum. She wasn't." Sindinathe kumufotokozera kuti kwathu mng'ono sakanira mkulu wake ali pamphasa ya matenda. Anakulira kuno, aziona ngati zopusa. Mwina n'zopusadi.

Lolemba, 10 Malichi

Chigoba chatsopano anaumba Lachisanu, chaching'ono ngati cha mwana wasukulu. Kuwotcha kwayambiranso lero, kwakhumi, patapita masabata awiri. Andipititsa pabedi, sindingakhale panjinga ya odwala. Sikelo 62.

Usana wonse thukuta. Pansi pa nthiti chakumanja pakuwawa, ululu wachilendo. Ndanena nthawi yomweyo. Tsopano ndimanena chilichonse, ngakhale kuyabwa kwa chala. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma ine ndatsegula mochedwa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kwa 11. Sikani ya thupi lonse. Amakubaya madzi a shuga, kugona ola lathunthu osasuntha, kenako kulowa m'makina. Zotsatira Lachinayi.

Lachinayi, 13 Malichi

Kwa 13. Zotsatira. Chotupa cha pakhosi chachepa, masentimita 6. Koma pali zatsopano: zitatu m'chiwindi, china pafupi ndi impso ya kumanzere. Kumeneko cheza sichifikako.

Adokotala akuti tsiku la 17 latha, sizingatheke. Atipatsa mpata umodzi. Lolemba likudzali ndikhale nditachoka pa okosijeni, thupi lisatenthe, ndipo ndiyende ndekha kukafika kumapeto kwa kolido n'kubwerera. Ndikatero, akandichonderera kugulu la madokotala limene limagamula, andiyambitse kemo yokonzekera ya masiku atatu, asilikali alowe pa 24. Ndikalephera, akuti khansa ikuthamanga kuposa mmene thupi langa likubwererera.

Stephanie walemba zonse pafoni, wati titha. Ine ndayang'ana kolido. Mwezi watha ndinkaiyenda nditapaka milomo, kunamiza anthu. Mphamvu zimene ndinawonongera chionetsero chija ndikanazisunga.

Lachisanu, 14 Malichi

Kwa 14. Kolido ndi mapazi 40 kupita, 40 kubwera. Vimbai wawerenga. Lero ndayenda 6, ndi chogwirira, okosijeni akundikankhira pambuyo.

Loweruka, 15 Malichi

Mapazi 9. Ndasanza. Maso ayamba chikasu, Stephanie akuti ndi magetsi a m'wodi.

Amayi a kumpingo abwera atatu, opanda chakudya, Stephanie anawaletsa. Manja awo amasowa pogwira. Mmodzi wandiuza kuti Dyna sakubwera kutchalitchi, akungogwira mashifiti motsatizana, usiku ndi usana.

Lamulungu, 16 Malichi

Mapazi 8. Ndapemphera. Sindinapemphe kuchira, ndapempha mapazi 80.

Lolemba, 17 Malichi

Kuwotcha komaliza, kwa 15. Jason wandigwira dzanja, wati ndalimba mtima. Pali kabelu pakhomo kamene omaliza kuwotcha amakaliza. Ndakana.

11 koloko, adokotala aakulu ndi mayi wophunzitsa kuyenda aima pakhomo la wodi. Andichotsa okosijeni. Stephanie ali kumapeto kwa kolido, manja atatambasula ngati akuitana mwana wophunzira kuyenda. Ndayenda mapazi 11. Pa 12 maondo apinda okha. Vimbai wandiwakha ndisanafike pansi. Kachipangizo ka pachala koyeza mpweya m'magazi kakuti 84, watsika kwambiri.

Lero ndi tsiku limene ndikanalandira asilikali anga.

Lachiwiri, 18 Malichi

Gulu lagamula. Ayi.

Adokotala anena pamaso pa Stephanie, mosazungulira. Chiwindi chayamba kulephera, chithandizocho chingandiphe m'masiku ochepa. Chatsala n'kuletsa ululu. Ndafunsa kuti ndi nthawi yaitali bwanji. Akuti masabata, mwina osapitirira asanu ndi limodzi. Ndikhoza kupita kunyumba Lolemba, manesi azibwera konko.

Ndafunsa za asilikali. Akuti awasungabe m'firiji kwa kanthawi, monga mwa lamulo lawo. Sangapatse munthu wina, ndi anga okha, thupi la wina lingawakane.

Stephanie sanalire pamaso panga. Wapita kukagula khofi, wabwera patapita ola, wopanda khofi. Holide yake inayamba dzulo. Bedi lili kale pabalaza.

Sindikumva mantha. Ndikumva manyazi.

Lachinayi, 20 Malichi

Andiikira kapampu ka mankhwala oletsa ululu pamkono. Kakuthandiza. Ndilembe msanga ndisanagone.

M'mawa adokotala aakulu anabwera okha, Stephanie anali atapita kukalandira bedi lachipatala kunyumba. Ndinawafunsa funso limene lakhala likundidya.

"Adokotala, ndikanakuuzani tsiku limene tositi inakana lija, bwenzi zili chonchi?"

 Ndinawauza kuti asandinyengerere, ndanamiza anthu mokwanira m'wodi muno.

"Palibe angadziwe motsimikiza, khansa yanu ndi yaukali. Koma mwafunsa moona. Mukanakhala ndi kapaipi kuyambira sabata yoyamba, sindikuganiza kuti mukanadwala chibayo. Bwenzi mutamaliza kuwotcha pa 4. Ndikukhulupirira kuti Lolemba lapitali bwenzi titakupatsani asilikali anu."

Ndinathokoza. Anandigwira phewa, anapita.

Dzulo ndinamupempha Vimbai amuimbire Dyna pafoni yake, chifukwa yanga sakuyankha, amuuze kuti achemwali ake akumuitana ndipo masiku ndi ochepa. Dyna wafika lero 1 koloko, atavala yunifolomu ya kuntchito. Waonda, kolala ikulendewera. Sanakhale pampando. Wagwada pansi pambali pa bedi, pasimenti ya chipatala, anthu a mabedi ena akuona.

"Achemwali, ndakuphani ine. Ndakuphani ndi foloko."

"Dzuka, iwe, ukundichititsa manyazi kwa azungu."

"Sindidzuka. Mundiuze zoona. Adokotala akuti bwanji? Ndikanapanda kudya mbale zija, ndikanakaitana nesi tsiku lija..."

"Ndawafunsa m'mawa womwe uno," ndatero. "Akuti inali itafika kale kuchiwindi ndisanagonekedwe n'komwe, kungoti sikani yoyamba sinaione. Kudya kapena kusadya, chibayo kapena ayi, zikanathera pomwe pano. Asilikali aja sakanandipatsa."

Wandiyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Zoonadi, achemwali?"

"Iwe ndinakunamizapo liti?"

Walira mokweza, nkhope ataikwirira m'bulangeti langa, mpaka Vimbai watseka katani. Atatonthola ndamuuza akhale pampando. Sipanathe mphindi zisanu, wagona tulo, kukamwa kuli yasa. Akuti sanagone bwino masabata atatu. Ndamusiya mpaka 4 koloko, ndamudzutsa kuti asachedwe kuntchito. Pochoka wati Lolemba adzabwera kudzandinyamula.

Stephanie ndimuuza zomwezo mawa, mawu omwewo, kuti asadane ndi munthu amene adzamuthandize kuyendetsa maliro anga. Vimbai anamva zonse kuseri kwa katani. Ndamupempha kuti akafunsidwa asatsutse. Wati iye sanganame, koma akhoza kukhala chete. Zikwanira.

Tsamba ili ndiling'amba dzanja likapeza mphamvu.